MAKINA OZIZIRITSA NYUMBA AKAYAMBA KULIRA

Nkhani ya lero iyambira kutali ndi Kitwe ndi Lusaka, pa mudzi wa Kavalamanja m'boma la Luangwa, limene dzina lace lakale ndi Feira. Mudziwu uli m'mbali mwa Zambezi, kumtunda kwa malo amene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi, ndipo tsidya lace ndi dziko la Zimbabwe. Anthu ambiri audziwa cifukwa ca nkhondo ya pa 6 March 1978, pamene asilikari a Rhodesia anathira nkhondo pa msasa wa ZIPRA kumeneko. Koma ali yense amene anagonako m'mwezi wa October audziwanso ndi cinthu cina, ndico kutentha.

Dera limeneli ndilo lotsika koposa m'Zambia monse. Likwera mamita pafupi 330 okha pamwamba pa nyanja yamcere, pamene Lusaka akwera mamita oposa 1,200. Mvula isanagwe, nyenje zikamalira m'mitengo, kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ena. Eni dziko anazolowera kupuma pa mthunzi ndi kulindira kamphepo ka kumtsinje. Koma m'maofesi, m'nyumba zogona alendo ndi m'nyumba zina zatsopano za m'cigwaci muli makina oziziritsa, amene anthu a m'tauni ati eyakoni. Mwana wa kumeneko wogwira nchito ku migodi, akamanga nyumba kwao, angafune kuikamo makina otere kuti makolo ace azigona bwino.

Tsono pali bvuto limodzi. Makina akafa ku Ndola, mmisiri afika tsiku lomwelo. Akafa ku Kavalamanja, citsulo catsopano cingafunike kucokera ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 300, kutsata mseu wa Great East mpaka pa mlatho wa Luangwa ndi kukhotera kumwera. Cifukwa cace mwini makina wa kumeneko ayenera kudziwa cinthu cimene wa m'tauni naye ayenera kudziwa: makina safa mwadzidzidzi kawirikawiri. Amayamba alira, ndipo kulira kuli konse kuli ndi cifukwa cace.

Anthu a ku migodi aidziwa bwino nzeru imeneyi. Munthu wa pansi pa mgodi agogoda mwala wa pamutu pace ndi citsulo, nachera khutu. Mwala wolimba ulira mwa mtundu wina, mwala wofuna kugwa ulira ngati ng'oma. Msodzi wa pa Zambezi nayenso adziwa injini ya boti lace ndi khutu, asanatsegule kanthu. Makina oziziritsa nyumba afuna khutu lomwelo.

ZA M'KATI MWA MAKINA

Makina amenewa anayambira ku America. M'caka ca 1902 Willis Carrier anakonza makina ocepetsa cinyezi m'nyumba yosindikizira mabuku ku Brooklyn, mu mzinda wa New York, ndipo a lero ndiwo zidzukulu zace. Nchito yao ndiyo kutola kutentha m'cipinda ndi kukutaya kunja. Ambiri ali ndi mabokosi awiri, lina pa khoma m'nyumba, lina pabwalo. Mabokosiwo alumikizidwa ndi mapaipi awiri a mkuwa, mtundu womwewo wa citsulo umene ukumbidwa ku Nkana ndi ku Mufulira. M'mapaipimo muyenda gasi. M'bokosi la pabwalo muli kompuresa, ndiyo mtima wa makina, imene ipanikiza gasiyo ndi kuiyendetsa. Bokosi liri lonse liri ndi fani yace yokankha mphepo. Tsono zinthu zozungulira ziripo zitatu: kompuresa ndi mafani awiri. Phokoso lambiri licokera pa zitatu zimenezi, ndipo cokwera mtengo koposa ndico kompuresa.

KULIRA KOSAOPSYA

Coyamba, munthu asacite mantha ndi phokoso liri lonse. Makina abwino amamveka kupuma kwa mphepo m'nyumba, ndipo pabwalo amalira motsitsa, osaposa mau a anthu awiri oceza. Akayamba kapena akaima, kumamveka kuti "tha" kamodzi. Bokosi la m'nyumba limathetheka pang'ono likamazizira kapena kufunda, monga acitira malata a denga dzuwa likalowa. Nthawi zina m'mapaipi mumveka ngati madzi oyenda, makamaka makina atangoyamba kapena atangozimitsidwa. Imeneyo ndi gasi. Makina a mtundu watsopano, wa inverter, amakweza ndi kutsitsa mau ao okha pamene kompuresa isintha liwiro. Zonsezi ndi mau a makina amoyo. Mwini nyumba awamvetsere bwino makina ali atsopano, kuti tsiku limene mau adzasinthe adzadziwe msanga.

KULIRA KUMENE MWINI ANGATHETSE YEKHA

Asanakhudze kanthu, mwini azimitse magetsi pa khoma kapena pa bokosi lalikuru la magetsi. Kuzimitsa ndi rimoti yokha sikukwanira.

Phokoso lofala koposa ndilo la gwedegwede. Makina amanjenjemera tsiku lonse, ndipo m'kupita kwa miyezi mabauti amamasuka, cibvundikiro ciyamba kubvina. Munthu akaika dzanja pa cibvundikiro makina alikuyenda, phokoso ndi kuleka, wapeza nthenda. Sipanala ndi sikurudiraiva zithetsa mlandu. Ngati khoma lonse lilira ndi mazenera omwe, ayang'ane zitsulo zonyamula bokosi la pabwalo ndi mphira za pansi pa miyendo yace. Dzuwa la m'cigwa liumitsa mphira msanga, ndipo ikang'ambika, citsulo cikhala pa citsulo cinzace.

Phokoso laciwiri ndilo la kho-kho-kho wotsatizana, wonga wa kamtengo kolowa m'masipoko a njinga. Pamenepo fani ilikugunda cinthu. M'nyengo ya cirimwe mphepo ibweretsa masamba ouma, timitengo ndi mapepala. Abuluzi, makoswe ndi mabvu omanga ndi dothi akonda kukhala m'bokosi la pabwalo. Dothi la mabvu likamatirira pa phiko limodzi la fani, faniyo iyenda mopendeka ndipo makina onse agwedezeka. Zimenezi zicotsedwe, ndipo phiko likapezeka losweka, fani isinthidwe.

Phokoso lacitatu ndilo la mluzu, locokera m'bokosi la m'nyumba. Kutsogolo kwa bokosilo kuli sefa yogwira pfumbi. Sefa ikatsekeka, mphepo ilowa mopanikizika pa timipata totsala, niiliza mluzu. Mwini akalekerera, m'katimo muzizira kopitirira muyeso, madzi aundana, fani iyamba kukwecesa madzi oundanawo, ndipo pambuyo pace madzi adontha pa khoma. Mankhwala ace ndi apafupi: kucotsa sefa, kuitsuka ndi madzi, kuiumitsa pa mthunzi ndi kuibwezera. M'miyezi ya pfumbi, kuyambira August kufikira mvula itagwa, acite cotero masabata awiri ali onse. Madzi akaundana, makina azimitsidwe kufikira onse atasungunuka. Asawagobe ndi mpeni, pakuti timapaipi ta m'katimo ndi topyapyala.

Palinso kulira kwa kutopa. Bokosi la pabwalo likaikidwa pa dzuwa la masana, kapena pa ngondya yopanda mphepo, kapena likaphimbidwa ndi pfumbi, silitha kutaya kutentha. Pamenepo kompuresa ilimbana ndi katundu wolemera, niilira kwambiri monga lole pa citunda. Ku malo otentha ngati Kavalamanja bokosili likhale pa mthunzi, ndi danga lokwanira kumbuyo ndi kutsogolo, ndipo litsukidwe ndi madzi oyenda pang'onopang'ono, magetsi atazimitsidwa.

KULIRA KOFUNA KUZIMITSA MSANGA

Tsono pali mau ena amene munthu akawamva asalindire kuti kuce.

Oyamba ndi kulira konga kwa njuci, makina osayenda. Kompuresa ifuna kudzuka koma ilephera; ilira kamphindi, kumveka "tha", ikhala cete, niiyambanso. Kawirikawiri capalamula ndi kacitini kakang'ono kosunga mphamvu ya magetsi, dzina lace kapasita, kamene kamathandiza mota kuyamba. Kutentha kumakafoola, ndipo kakafa kamatupa pamwamba. Mtengo wace ndi wocepa. Koma mwini akasiya makina kuti azingoyesa usiku wonse, waya wa m'kompuresa apsya, ndipo ndarama zofunika zikhala zambirimbiri. Ndiponso acenjere: kapasita imasunga magetsi ngakhale makina atazimitsidwa, ndipo ingabvulaze munthu. Imeneyo ndi nchito ya mmisiri.

Aciwiri ndi kulira kwa kwii wosalekeza, kapena kukukuta konga kwa cigayo copanda cimanga. Amenewo ndi maberingi a mota ya fani, amene auma kapena alowa mcenga. Fani ya pabwalo ikaima kompuresa irikuyendabe, kutentha kusowa kotulukira, ndipo kompuresa ikhala pa ngozi.

Acitatu ndi kugunda kwamphamvu kwa citsulo pa citsulo, kocokera m'kati mwa kompuresa. Mota ya kompuresa ikhala m'cigoba cotsekedwa ndi kuwotcerera. Cinthu cikathyoka kapena kumasuka m'menemo, sipanala siingafikeko, ndipo kawirikawiri kompuresa yonse isinthidwa.

Acinai ndi psii wonga wa njoka kapena wa tayala loboka, womveka ngakhale makina ataima nthawi yaitali. Gasi ilikuthawa. Zizindikiro zina ndi izi: cipinda sicizizira, paipi yapangika madzi oundana, ndipo pa mfundo ya paipi paoneka mafuta. Apa omvera asunge mau awa: gasi ya makina amenewa siitha monga petulo. Ikacepa, ndiye kuti pena pace paboka. Mmisiri wongothira gasi osafuna pobokapo ali ngati munthu wotunga madzi ndi dengu, ndipo mwini adzalipiranso mwezi wamawa. Mmisiri weniweni apaka thobvu la sopo pa mfundo, napeza pobokapo, natseka, ndipo pambuyo pace athira gasi ya mtundu wolembedwa pa bokosi. Makina akale ali ndi gasi ya R22, imene iononga cophimba ca kumwamba cotchinga ukali wa dzuwa. Maiko alikuileka potsata pangano la ku Montreal la 1987. Makina ambiri atsopano ali ndi R410A kapena R32. Gasi ya R32 ingayake, cotero munthu asayandikire ndi macesi, kandulo kapena fodya, ndipo atsegule mazenera.

Acisanu ndi kuthetheka kwa moto pamodzi ndi pfungo la mphira yopsya. Waya wamasuka, kapena khoswe wamudya. Kumeneko ndiko kuyamba kwa moto wa nyumba. Magetsi azimitsidwe pa bokosi lalikuru nthawi yomweyo, ndipo madzi asathiridwe.

MLANDU WA MAGETSI

Nthawi zina makina alibe cifukwa, wolakwa ndi magetsi. Makina a m'Zambia afuna mphamvu ya mavoti 230. Mphamvu ikatsika, nyale zifiira ndipo kompuresa ilira ngati njuci monga tanena za kapasita wakufa. Poyamba kuyenda, kompuresa ya mtundu wakale imakoka magetsi kangapo kuposa pamene iri pa liwiro; cifukwa cace jenereta yaing'ono, kapena magetsi a dzuwa ocepa mphamvu, zilephera kuidzutsa. Wokhala kutali ndi mawaya a ZESCO afunse mmisiri za kukula kwa jenereta asanagule makina.

A m'matauni akumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinatsitsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku liri lonse. Nthawi yoopsya kwa makina ndiyo pamene magetsi azima ndi kubwera msanga. Kompuresa ikaima, gasi ikhala yopanikizika mbali imodzi, ndipo ifuna mphindi zitatu kapena kuposapo kuti ilingane. Kuiyatsa nthawi isanakwane kuli ngati kuuza munthu kuti athamange thumba la cimanga liri pamutu. Magetsi akazima, makina azimitsidwe pa khoma, ndipo akabwera alindiridwe pang'ono. Pali kabokosi kochinjiriza, kogulitsidwa m'masitolo a zamagetsi, kamene kacita nchito yolindirayi kokha. Lamulo lomweli ligwiranso pa firiji, pakuti nayo iri ndi kompuresa; wogulitsa nsomba za m'Zambezi alisunge bwino.

POITANA MMISIRI

Mmisiri wocokera kutali asayende ulendo wonse wopanda citsulo coyenera. Mwini makina amuuze pa lamya zinthu zinai: kumene phokoso licokera, m'nyumba kapena pabwalo, nthawi imene limveka, poyamba, poyenda kapena poima, cimene lifanana naco, ndiponso ngati cipinda cizizirabe. Amuwerengere dzina ndi manambala olembedwa pa mbali ya bokosi. Lamya za lero zitha kujambula mau, cotero atumize phokosolo kuti mmisiri alimve yekha. Potero ulendo umodzi ukwanira.

Akuluakulu anati, wakutsina khutu ndi mnansi. Makina olira usiku asowetsa tulo mwini nyumba ndi anansi ace omwe, makamaka m'makomboni mmene nyumba ziri zoyandikana. Koma kulirako ndiko cenjezo, ndipo cenjezo lifika ndarama zisanaonongeke. Bauti lomangidwa lero, sefa yotsukidwa Loweruka, makina ozimitsidwa pa nthawi yace, zimenezi zisunga kompuresa zaka zambiri. Wonyozera adzamva nkhwangwa iri m'mutu, pakati pa October, mmisiri ali ku Lusaka.

Tsalani bwino nonse, a ku migodi, a m'matauni ndi a m'mbali mwa Zambezi.