MDANI MUZIMUCHULA NDI NCHITO ZAKE

Mau amene wa nchito za nkhani za Boma analankhula kwa apampando ndi alembi a nthambi za cipani pa msonkhano wa ku Nkwali, m'boma la Mambwe.



Ambiri a inu mulemba. Mulemba malipoti a misonkhano, makalata opita ku Boma, ndi mauthenga a pa lamya amene afika ku Chipata dzuwa lisanalowe. Funso langa lero ndi limodzi: polemba za munthu amene mulimbana naye, mumuchula ndi mau otani?

Cinenero cathu sicisowa mau, ndipo liu lililonse lili ndi muyeso wake. Wotsutsa ndi munthu amene sagwirizana ndi maganizo anu. Mdani ndi amene afuna kukucitani coipa. Kazitape ndi amene atenga zinsinsi kupita nazo kwa ena. Cigawenga ndi amene wanyamula zida. Mlembi amene alemba "cigawenga" pamene ayenera kulemba "wotsutsa" wanama, ndipo bodza lakelo lingaphetse munthu.

Pali mau ena oopsa koposa awa, ndiwo maina a zilombo: njoka, fisi, nkhupakupa, mphemvu. Ife a m'cigwa cino tidziwa cimene ticita njoka ikalowa m'nyumba. Sitiitengera ku bwalo la mfumu, sitiifunsa mboni. Tsono mukalemba kuti uje ndi njoka, mwaweruza kale mlandu, ndipo mwauza anyamata kuti atole zibonga.

Izi zinacitika m'dziko lathu lomwe lino. M'caka ca 1964, kutatsala miyezi yowerengeka kuti tilandire ufulu, mkangano wa pakati pa anthu a UNIP ndi a calici ca Lumpa ca Alice Lenshina unasanduka nkhondo ku Chinsali ndi ku Lundazi. Nthungo zisanatuluke, mau ndiwo anatsogola: awa anali kuona anzao ngati anthu a Satana, awo anali kunena kuti anzao ndi amisala. Pa 3 Ogasiti a Lumpa anathira nkhondo boma la Lundazi napha anthu ambiri. Pa 7 Ogasiti anthu okwiya anakantha mudzi wa a Lumpa wa Paishuko, kumtunda kwa cigwa comwe cino m'dera la Chama, ndipo anthu 46 anaphedwa, pakati pao amai ndi ana. Opha ndi ophedwa anali a dera limodzi, olankhula cinenero cimodzi. Pamene nkhondoyo inatha, akufa anapitirira 700, ndipo zikwi za anthu zinathawira ku Congo.

Ku Rwanda m'caka ca 1994 anthu okwana ngati 800,000 anaphedwa m'masiku 100 okha. Wailesi ya RTLM ndi nyuzi ya Kangura zinali zitazoloweza anthu kuchula Atutsi kuti mphemvu. Mu Disembala 2003 bwalo la United Nations la ku Arusha linapeza olakwa Ferdinand Nahimana ndi Jean-Bosco Barayagwiza a wailesiyo, pamodzi ndi Hassan Ngeze, mkonzi wa nyuziyo. Mlandu wao waukulu unali wa mau amene anaulutsa ndi kusindikiza. Alembi, mvetsani zimenezi.

Cifukwa cina cosamalira mau ndi cakuti mdani wa lero mudzakhala naye pa mphasa imodzi mawa. Boma la Mozambique linali kuchula a Renamo kuti acifwamba a mfuti, ndipo nkhanza zao zinali zoona: anthu a ku Chadiza anaziona, ndipo othawa nkhondo anadzaza Ukwimi ku Petauke. Koma pa 4 Okutobala 1992 mbali ziwirizo zinasaina mtendere ku Rome, ndipo pa cisankho ca 1994 Renamo inatenga mipando 112 mwa 250 m'nyumba ya malamulo.

Ngakhale kuno kwathu taziona. Wopha njobvu mozembera malamulo anali kuchulidwa mdani wa dziko. Kuyambira 2003 bungwe la COMACO lakhala likulandira mfuti ndi misampha ya anthu otere ndi kuwaphunzitsa ulimi ndi kuweta njuci. Munthu amene munamulemba kuti fisi, mudzamugulira bwanji mpunga ndi uci wake?

Sindinena kuti muzibisa zoipa, ai. Woba feteleza wa alimi ndi mbala, ndipo lipoti lanu linene momveka. Koma tsatani malangizo atatu awa.

Coyamba, lembani nchito imene munthuyo wacita: anacita ciani, tsiku liti, pamalo pati, anaona ndani. Mau akuti "anagulitsa matumba a mbeu amene anapatsidwa kuti agawe" alasa koposa maina khumi otukwana, cifukwa apolisi ndi bwalo angawatsate.

Caciwiri, mlandu ukhale pa mwini wake. Musaupacike pa mtundu wake, calici cake kapena mudzi wake. Mkunda, Mcewa, Mngoni, Mnsenga ndi Mbisa agula pa msika umodzi ku Mfuwe.

Cacitatu, musanatumize cimene mwalemba, dzifunseni: kodi mau awa ndingawabwereze pamaso pa mfumu, mwini wake ali pomwepo? Ngati simungathe, fafanizani.

Makolo anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mlomo wolembedwa pa pepala utsata mwini wake zaka zambiri, ndipo ungakapezenso ana ake. Bwererani ku nthambi zanu mukauze anzanu amene sanafike.