Nkhokwe ya Mudzi: Tiponyemo Chiyani?

 Inu anyamata mwakhala kumbuyoko senderani kuno, chifukwa matumba tikambe panowa adzakhala pa mapewa anu.

Amfumu andiuza kuti pamsonkhano wapitawu munagwirizana zokhala ndi nkhokwe ya mudzi, yoti khomo lililonse liponyemo kanthu panopa pamene takolola, kuti agogo olera ana amasiye, odwala ndi olumala adzapeze pogwira dzinja likadzafika pakati. Zoti tisonkhe kapena ayi munamaliza nokha. Ine ndabwera kuti tikambirane za chosonkhacho: chikhale chiyani, ndipo chikhale chotani.

Chimene chakuchititsani zimenezi tonse tikuchikumbukira. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse la Zambia. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo chimanga chimene dziko linakolola chinatsika kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni, pomwe chaka cham'mbuyo chinapitirira matani 3 miliyoni. Kuno ku Petauke mpaka ku Nyimba tinachiona chikuuma chili chiimire, chitangomasula kumene. Thandizo la ofesi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DMMU linabwera, ndalama za Social Cash Transfer zinawonjezedwa, a bungwe la boma losunga chakudya la FRA anatsegula misika yogulitsa chimanga. Tinathokoza. Koma thandizo lochokera kutali limayendera mndandanda wa mayina, ndipo galimoto ikapatuka pa Great East Road mu Januwale kulowa m'misewu yathuyi, mukudziwa mmene imachedwera. Nkhokwe ya mudziyi idzatsegulidwa tsiku lomwe njala yafika pakhomo.

Musanatape chilichonse kunyumba, yambani mwaganiza za mphika wa munthu wodzalandirayo. Tiyerekeze agogo okhala ndi adzukulu atatu. Tawapatsa meda zinayi za chimanga, ife tabwerera mtima uli mbee kuti tathandiza. Agogowo chigayo chili kutali, ya chigayo alibe, mikono yosinjira mu mtondo inatha kalekale. Atani? Atapa meda imodzi kugulitsa kuti apeze yogayitsira, atapanso china kupatsa mwana wa njinga. Ufa wafika pakhomo, nsima yaphikidwa, koma ndiwo palibe, mchere palibe. Ana adya nsima ndi madzi a therere losathira kanthu. Choncho amene mulibe chimanga chokwanira musadzione ngati mulibe chopereka. Ndalama ya chigayo ndi chopereka. Mnyamata wolonjeza kunyamula chimanga cha agogo pa njinga kupita ku chigayo ndi kubwera nacho, dzina lake lilembedwe m'buku limodzi ndi la munthu wopereka thumba. Wa ngolo chimodzimodzi.

Tsopano chimangacho. Apa ndilankhula mosapsatira, amayi ndi abambo, mundikhululukire. Pakakhala zosonkhasonkha, ambiri timatapa cha pansi pa nkhokwe, chija tinapatula posankha, chofumbwa, chakuda kumutu, tikumati wanjala sasankha. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa chimanga chotere chimadwalitsa. Chuku chimene chimamera pa chimanga ndi pa nshawa zosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu saphedwa ndi moto. Muwiritse, mukazinge, mufulule thobwa, ali momwemo. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo ana amapinimbira naye. Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'dziko muno, ndipo poyeza anapeza poizoni yemweyu mu chimanga ndi ufa. Amene tikuwasonkherawa ndi okalamba, odwala ndi ana, anthu amene thupi lawo silingalimbane naye. Chimene simungagayitsire ana anu chisadutse pakhomo la nkhokwe iyi.

Kuuma kwake tidzayeza pamaso pa onse, ndipo njira yake ndabwera nayo. Mukuliona botolo ili? Likhale la galasi, loyera, louma bwino mkati. Muthiremo chimanga chisafike theka, muonjezere masupuni awiri kapena atatu a mchere wouma, mutseke, mukhutchumule kwa mphindi imodzi. Mulisiye kwa mphindi 15, mukhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi madzi, chibwerere padzuwa pa mphasa kapena pa tenti, osati pa dothi. Mchere ukagwa pansi botolo n'kukhala loyera, chauma. Kuluma njere ndi mano kumathandiza, koma botolo silikondera munthu, ndipo wobwezedwa sadzati komiti imamuda.

Nshawa bweretsani zosasenda, chifukwa m'makoko zimakhalitsa. Ndipo chizolowezi chowaza madzi kuti makoko afewe posenda tichisiye, pakuti ndi pomwe chuku chimalowera. Zonyala, zoboola ndi zosintha mtundu zitayidwe, osati kuzisinja kuti zikhale nsinjiro.

Ndatchula nshawa dala, chifukwa ndikufuna nkhokwe iyi isakhale ya chimanga chokha. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira, chonsecho ambiri mwa anawo nsima amadya. Chosowa ndi cha m'mbale inayo. Petauke imadziwika ndi nshawa kuyambira kale, Chalimbana uja makolo athu ankalima, ndipo a COMACO amagula nshawa za alimi a chigawo chino n'kupanga chiponde chogulitsidwa m'masitolo a ku Lusaka. Sizingakhale zoona kuti mwana wa m'mudzi muno adye phala losathira nsinjiro. Meda imodzi ya nshawa, ya kayera, ya nyemba kapena ya soya imagwira ntchito m'thupi la mwana imene meda zingapo za chimanga sizingagwire. Kayera akhale wa chaka chino. Wogonera chaka amalimba, amatha nkhuni, ndipo agogo athu aja wokawatolera nkhuni alibe.

Amayi, pali chuma china chimene inu nokha muli nacho: mfutso. Chibwabwa, khwanya, bonongwe, therere, bowa amene munafutsa dzinja lapitali. Wina adzati zimenezo n'zochititsa manyazi kupereka. Ayi. Okutobala ndi Novembala, dimba litauma, chikwatu chimodzi cha mfutso chimadyetsa banja masiku angapo. Chingokhala chouma gwa, chopanda mchenga. Amene mumayenda ku boma, kapenta wouma bwino amakhalitsa, ndipo pang'ono pokha posinjira m'phala la mwana pamakwana.

Zina ndi za m'sitolo, zing'onozing'ono koma zosowetsa mtendere zikasowa. Mchere wa m'paketi wokhala ndi ayodini. Kabotolo ka saladi kosatsegula. Shuga, machesi. Sopo ndiye musamuiwale. Kolera ya kumapeto kwa 2023 ndi kuchiyambi kwa 2024 inachititsa kuti sukulu zichedwe kutsegula mpaka Febuluwale, ndipo bwalo la Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala. Nthawi ya njala ndi yomweyo ya mvula ndi matenda otsegula m'mimba, choncho mtanda wa sopo ndi kabotolo ka klorini wothira m'madzi akumwa zikhale m'gulu limodzi ndi chakudya. Pogula yang'anani tsiku lotha ntchito lolembedwa pa paketi. Tikusonkha mu Juni zodzagwira ntchito mu Febuluwale.

Zovala tilandira, koma zochapa ndi zosoka. Bulangeti ndi juzi zisadikire dzinja, ziperekedwe sabata ino pamene kukuzizira. Yunifolomu ndi nsapato zimene mwana wanu wakula nazo, makope, zolembera, zitenje, ndi zofunika atsikana pa masiku awo a mwezi, izi zipite kwa amayi a komiti ndipo iwo adziwa kozifikitsa mwakachetechete. Sukulu ndi yaulere kuyambira 2022, koma mwana wosowa zimenezi amakhalabe pakhomo.

Pali zimene sitilandira ngakhale mutazibweretsa ndi mtima wabwino. Mbewu yotsala ya m'paketi, yofiira kapena yobiriwira ija, ili ndi mankhwala, ndipo kutsuka sikuwachotsa. Chimanga chothira mankhwala a thonje, chonde, chisayandikire. Ndikudziwa ena amatero pofuna kupha anankafumbwe, koma mankhwalawo sanapangidwire chakudya. Mapiritsi otsala a odwala ayi. Mkaka wa m'chitini wa makanda ayi: mwana amafunika bere lokha miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, ndipo pakakhala khanda lotaya mayi, nkhaniyo ipite kwa anamwino ku kiliniki. Nthochi zathu za ku Nyimba, tomato, mphonda ndi mbatata yaiwisi n'zabwino kwambiri, koma zisalowe m'nkhokwe. Zinyamuleni nokha mukapereke pakhomo tsiku lomwelo.

Kasungidwe ndikupempha kuti tisonkherane tigule matumba a PICS. Thumba limeneli lili ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Mukathira chimanga chouma, mumafinya mpweya n'kumanga pulasitiki yoyamba payokha, yachiwiri payokha, kenako sakalo. Anankafumbwe amafera momwemo posowa mpweya, popanda mankhwala. Mdani wake ndi khoswe ndi kutsegulatsegula, ndiye matumba akhale pa mitengo, osagunda khoma. Wina akabweretsa chimanga chothira kale mankhwala a Actellic, anene, tilembe tsiku pa thumbalo. Mapiritsi ofukizira aja asalowe m'nyumba yogona anthu, amapha.

Mbewu yodzala ikhale pakona pake, ndi buku lakelake. Banja limene ladya mbewu yake chaka chino lidzabweranso pa mzere chaka chamawa. Nshawa za MGV4 zochokera ku Msekera ku Chipata ambiri muli nazo, nyemba zocha msanga muli nazo. Patulani pang'ono, tidzagawe mu Okutobala mvula isanagwe, ndipo wolandira adzabweze akakolola kuti wina apezenso. Mphesa za mbatata yofiira mkati, ija ya vitamini A, tidzagawana m'munda nthawi yake ikakwana.

Nkhokwe ya chakudya isatsegulidwe Januwale asanafike, pokhapokha patagwa moto kapena matenda aakulu, ndipo amfumu avomere. Maloko akhale awiri, makiyi kwa anthu awiri a makomo osiyana. Buku lilembe cholowa ndi chotuluka, liwerengedwe pabwalo. Koma mayina a olandira asafuulidwe pagulu. Komiti igwirizane ndi a CWAC oona za ovutika ndi atsogoleri a mipingo, amene akudziwa kale makomo ovutika, ndipo katundu akaperekedwe kunyumba.

Loweruka likubwerali ndidzakhala pano kuyambira m'mawa ndi sikelo. Panopa ndipemphe amayi awiri abwere kutsogolo ndi chimanga chili m'lichero umo tiyesere limodzi botololi. Mchere ukamakhazikika, amfumu, bwalo ndi lanu kuti tisankhe a komiti, ndipo pempho langa n'lakuti theka akhale amayi.