Nyumba yathuyathu pa intaneti: adzasesa ndani?

Pa msonkhano wathawu anyamata athu adabwera ndi ganizo lakuti kalabu yathu ikhale ndi malo akeake ochezerapo pa intaneti, tisamangodalira Facebook ndi WhatsApp. Mudandituma kuti ndikafufuze, poti ndine amene ndimagwiragwira makompyuta. Ndafufuza ndithu. Zina zimene ndapeza n'zokoma, zina n'zowawa, koma mundimvere mpaka kumapeto chifukwa nkhaniyi ikukhudza thumba la kalabu.

Choyamba ndinene kuti anyamatawa sadalakwe. Tonse tikukumbukira 2024, chisankho cha pa 9 Okutobala chitapita, m'mene intaneti ya m'mafoni idadulidwira, Facebook ndi WhatsApp n'kutsekedwa. Munthu kufuna kumva za mwana wako ali ku Maputo kapena ku Beira, osatheka. Ndiye mwana akati tiyeni timange yathuyathu, ine ndikumumvetsa.

Chimene iwo akunena chilipodi, ndipo chodziwika kwambiri dzina lake ndi Mastodon. Adachiyambitsa ndi Eugen Rochko wa ku Germany m'chaka cha 2016. Kusiyana kwake ndi Facebook n'kwakuti kulibe kampani imodzi yosunga anthu onse. Gulu lililonse likhoza kuimika seva yake. Seva ndi kompyuta yosagona, yoyaka usana ndi usiku, imene imasunga mauthenga ndi zithunzi za anthu a gululo. Masevawa amalankhulana okhaokha potsata njira imodzi yotchedwa ActivityPub, imene idavomerezedwa mu 2018. Zili ngati midzi yathuyi: uliwonse uli ndi mfumu yake ndi malamulo ake, koma njira zimalumikiza midzi yonse, wa uku n'kumacheza ndi wa uko. Pulogalamu yake ndi yaulere.

Mawu akuti ulerewa ndi amene amatipusitsa, abale anga. Ndi midzi ingati idalandira mjigo waulere, lero amayi akutunganso kudambo chifukwa chosowa wosonkha ndalama ya kachitsulo kamodzi?

Tiyambe ndi ndalama. Seva muyenera kuibwereka ku kampani, lendi yake mwezi ndi mwezi. Dzina la seva pa intaneti limalipiridwa chaka ndi chaka. Palinso malo osungira zithunzi ndi mavidiyo, ndi malo ena osungirako kope la zonse kuti makina akafa tisataye chilichonse. Makampani ambiri ochita zimenezi ali kunja, amafuna madola kapena mayuro, pamene ife timasonkha mametikali. Wina anena kuti tingoika kompyutayo mu ofesi mwathu muno. Chabwino, nanga magetsi akathima nthawi ya dzinja? Seva ikazima, mudzi wonse wa pa intanetiwo wazima.

Chimene chidandidabwitsa ndi ichi: seva yanu simasunga zanu zokha. Membala wanu akamatsatira anthu a maseva ena, seva yanu imakoperanso zithunzi zawo n'kuzisunga. Ndiye kuti nkhokwe imadzaza ngakhale inu simudachuluke. Seva ina yotchedwa botsin.space, imene idayamba mu 2017, idatsekedwa mu Disembala 2024, mwini wake atanena kuti ndalama zoiyendetsera zamukulira.

Kutchuka nakonso ndi katundu. Mu Okutobala 2022 Elon Musk adagula Twitter ndi madola 44 biliyoni, anthu ambiri n'kuthawira ku Mastodon. Ogwiritsa ntchito pamwezi adachoka pa 300,000 kufika pa 2.5 miliyoni pofika Disembala. Seva ya Hachyderm ku America, imene mayi Kris Nóva ankaiyendetsera m'chipinda chapansi cha nyumba, idachoka pa anthu mazana angapo kufika oposa 25,000 m'masabata owerengeka. Makina adalema, mpaka adasamutsira sevayo ku kampani ya Hetzner ku Germany. Walira mvula walira matope.

Komabe ndalama si vuto lalikulu. Chinthu chimodzi chimene ndikufuna mupite nacho kunyumba ndi ichi: makina ndi otsika mtengo, wodula ndi munthu wowasamala. Seva ikafa pakati pa usiku, pamafunika wina wodzuka. Pulogalamu ikapezeka ndi chiboo cholowera akuba, pamafunika wina woikonza tsiku lomwelo. Munthuyo salipidwa, ali ndi munda, ali ndi ana, amadwala ngati ife tonse. Bambo Ash Furrow adayendetsa seva ya mastodon.technology kuyambira 2017. Mu Okutobala 2022 adalengeza kuti aitseka, chifukwa m'banja mwawo mudagwa matenda aakulu, ndipo wosamala makinawo adali iwo okha. Anthu zikwi adachita kusamuka. Ngakhale Eugen Rochko mwini wake adatula pansi udindo wotsogolera Mastodon mu Novembala 2025.

Tsopano tidzifunse ife. Mnyamata wathu wodziwa makompyuta akapeza malo a sukulu ku Tete, kapena akapita ku Joni kukafuna ganyu, makiyi a seva atsala ndi yani?

Ntchito ina yolemetsa ndi yoweruza milandu. Ku Facebook wina akatukwana timadandaula ku kampani imene sitiidziwa nkhope. Pa seva yanuyanu woweruza ndinu. Seva ya mastodon.lol idatsekedwa mu 2023 mamembala atakangana pa nkhani ya masewera a pa kompyuta, woiyang'anira n'kutopa ndi kunyozedwa. Mu Febuluwale 2024 mauthenga achabechabe ambirimbiri adasefukira m'maseva ang'onoang'ono amene adasiya khomo lotsegula kwa aliyense, eni ake n'kumachezera kufufuta. Bungwe la IFTAS, limene linkathandiza oyang'anira maseva kuchotsa zinthu zoipa, lidaimitsa ntchito zake zambiri mu 2025 chifukwa chosowa ndalama.

Kumeneko amakangana za masewera. Kuno tidzakangana za malire a minda, za zipani, za kutchulana ufiti. Mphwake wa amfumu akalemba kuti gogo wakutiwakuti ndi mfiti, adzafufute ndani? Ndipo akafufuta, mawa lake adzadutsa njira iti popita kumsika? Pa wailesi muulutsi amatha kudula foni munthu asadamalize chipongwe. Pa seva mawu amakhala pomwepo usiku wonse, anthu akuwerenga ndi kutumizirana.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Pa Mastodon uthenga umene mwatumizira munthu mmodzi sukhala wobisika kwa woyang'anira seva. Atafuna akhoza kuuwerenga. Ganizani bwino, amayi, woyang'anirayo ndi mwana wa neba wanu. Ndipo zimene iye wasunga zikhoza kugwa m'manja mwa ena. Mu Meyi 2023 apolisi a FBI ku America adalowa m'nyumba ya mmodzi mwa oyang'anira seva ya Kolektiva pa nkhani ina yosakhudza sevayo, n'kutenga kompyuta yake. M'kompyutamo mudali kope losatsekedwa la zinthu za mamembala.

Kodi ndiye kuti onse adalephera? Iyayi. Alipo amene adakalipo, ndipo chinsinsi chawo n'chimodzi: mutu umodzi susenza denga. Seva ya social.coop, imene idayamba mu 2017, imayenda ngati koperativa. Mamembala amasonkha kangachepe, amagawana ntchito, ndipo nkhani zikuluzikulu amavota. Hachyderm ija, mayi Kris Nóva adaipereka m'manja mwa bungwe la Nivenly mu 2023. Mu Ogasiti chaka chomwecho iwo adamwalira pa ngozi akukwera phiri, koma seva idapitirira chifukwa makiyi sadali ndi munthu mmodzi.

A Mastodon eni ake adalemba pangano mu 2019 la seva iliyonse yofuna kuti iwo aziilozera anthu. Lili ndi mfundo zinayi: kulimbana ndi tsankho ndi chidani, kusunga kope la zonse tsiku ndi tsiku, kukhala ndi munthu wachiwiri wotha kulowa m'makina pakagwa zadzidzidzi, ndi kuchenjeza mamembala miyezi itatu seva isadatsekedwe. Taonani, ngakhale iwo akudziwa kuti tsiku lotseka limafika.

Ndibwerere ku 2024, poti m'pamene ganizoli lidachokera. Ndinene zoona kwa inu achinyamata: akatseka Facebook yokha, seva yathu ikhoza kutithandiza. Koma akadula intaneti yonse ya m'mafoni, seva yathu nayonso sitingaifikire, ikhale ku Germany kapena ku Maputo. Tsiku lotero chotsala ndi kawailesi ka mabatire, kamene sikafuna mamega. Ndipo wailesi yathuyi nayonso imayenda ndi anthu ongodzipereka, amene timawadziwa m'mene amavutikira kupeza ya mayendedwe pokatola nkhani kumidzi.

Choncho maganizo anga ndi awa, a pampando. Chaka chino tisaimike seva, ndipo tisatenge ngakhale metikali imodzi m'thumba la kalabu. Anyamata amene akufuna atsegule maakaunti pa seva imene ilipo kale, yotsata pangano ndatchula lija. Ayese kuyambira tsopano mpaka tikolole, aone kuti ndi angati mwa ife adzalowadi n'kumalembapo. Akadzabwera ndi lipoti labwino, tidzakambirane za yathuyathu, koma pakhale zinthu zitatu. Anthu atatu odziwa makinawo, mmodzi akhale mayi kapena mtsikana. Ndalama ya chaka chathunthu ikhale m'manja, yosonkhedwa padera. Malamulo alembedwe m'Chichewa, msonkhano uno uwavomereze, onena poyera amene adzafufute uthenga woipa ndi kumene wodandaula adzapite.

Inu achinyamata musakhumudwe, sindikukutsekerani khomo. Ine ndemwe ndidzakhala nanu Loweruka lililonse masana kukuonetsani m'mene zimayendera, bola mubwere ndi mafoni otchaja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

A pampando, ndathera pamenepa. Amene ali ndi mafunso afunse, kenaka tivote.