Nkhondo ya Mnansi Imafika pa Mafuwa Athu

(Mawu amene mlembi wa Chigwirizano cha Amayi anayankhula pa tsiku la chikondwerero)

 Tiyamika Mulungu amene watisunga kufikira lero. Ambiri amene tinayamba nawo ntchito iyi anatsogola kale, koma ife tikali moyo mwa chisomo chake.

Komiti inatipempha kuti tinenepo mawu ochepa pa za dziko lathu ndi maiko otizungulira. Ena anadabwa nafunsa kuti, kodi amayi a Chigwirizano zandale akuzifuniranji? Inde, ife sitili aphungu, ndipo ambiri a ife sukulu tinalekeza ku pulayimale. Koma ife a kuno ku Ntcheu nkhani imeneyi tinaiphunzira ndi maso, pakuti tikhala m'malire. Mukamayenda pa msewu waukulu kuchoka pa Biriwiri kulowera ku Lizulu ndi ku Dedza, mbali ina ndi Malawi, mbali ina ndi Mozambique. Anthu a ku Angonia ndi Angoni anzathu. Timakwatirana, timalirana maliro, ndipo pa msika wa Lizulu kapena wa Tsangano timagulitsa kachewere ndi kabichi pamodzi.

Achikulire mukumbukira kuti dziko la Mozambique linalandira ufulu kuchokera kwa Apwitikizi m'chaka cha 1975. Sipanapite nthawi, mu 1977, nkhondo inabuka pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, amene kuno tinkawatchula kuti a Matsanga. Poyamba tinkangomva mphekesera, ndipo tinkati ndi zawo zimenezo. Koma pofika 1986 nkhondoyo inakula zedi m'chigawo cha Tete, ndipo anthu anayamba kuoloka msewu. Ankabwera usiku, mayi atabereka mwana, mphika uli pamutu, wina akukoka mbuzi. Ena anafika opanda ndi nsalu yofunda yomwe. Ena anataya ana m'njira, osadziwa ngati ali moyo. Pomafika 1992, othawa nkhondo m'Malawi muno anali atapitirira 1,000,000, ndipo boma lathu la Ntcheu linali limodzi mwa maboma amene analandira anthu ochuluka.

Kuno ambiri a iwo anakhala m'midzi mwathu momwemu. Mafumu anawapatsa malo omangapo tinyumba. Bungwe la United Nations loona za othawa kwawo pamodzi ndi a Red Cross ankabweretsa ufa, nyemba ndi mafuta ophikira, koma thandizolo lisanafike, amene ankapala moto ndi kuthira madzi mumphika anali amayi. Tinkasonkha mbale ya ufa nyumba iliyonse. Tinkachezera ndi odwala, ndi kusambitsa maliro a anthu amene maina awo tinali titangowamva dzulo lake. Ena a iwo analowa m'Chigwirizano, naimba nafe pamodzi m'kachisi.

Tinene zoona, amayi, sizinali zokoma zokhazokha. Nkhuni zinasowa, ndipo mapiri amene anali ndi mitengo anayera. Pa chitsime panali mzere wautali, ndipo kuchipatala mankhwala ankatha msanga. Chilala chitagwa mu 1992, ena a ife tinayamba kung'ung'udza kuti alendo akulandira ufa pamene eni mudzi tikugona ndi njala. Panatuluka mawu oipa m'kamwa mwathu, amene lero tichita nawo manyazi. Amayi achikulire ndiwo ankatidzudzula, natikumbutsa kuti Ambuye wathu yemwe ali wakhanda anathawitsidwa kunka ku Aigupto, ndi kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nkhondoyo inalowanso m'sitolo. Dziko lathu lilibe nyanja yaikulu yofikapo zombo, motero feteleza, mafuta a galimoto ndi katundu wina zinkadzera pa njanji kuchokera ku madoko a Beira ndi Nacala. Njanji zonse ziwiri zitaonongeka ndi nkhondo, katundu ankayenda ulendo wautali pa malole kuchokera ku Durban, m'dziko la South Africa. Ulendo ukatalika, mtengo umakwera, ndipo wolipira potsiriza amakhala mayi amene akugula mchere ndi palafini. Asilikali athu anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala, ndipo ena sanabwerere amoyo.

Tsono mtendere unabwera bwanji? Unabwera pamene adani anavomera kukhala pansi ndi kukambirana. Pa 4 Okotobala 1992, Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo, Afonso Dhlakama, anasaina pangano la mtendere mu mzinda wa Rome. Pakati pa amkhalapakati panali anthu a mpingo, gulu la Sant'Egidio ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Ichi tichisunge mumtima: anthu opemphera ali ndi gawo lawo pa mtendere wa dziko. Pofika 1994 alendo athu ambiri anali atabwerera kwawo, ndipo chaka chomwecho anachita chisankho. Anakapeza midzi yotenthedwa ndi minda ina yokwiriridwa mabomba, koma anayambanso kulima, ndipo lero chimanga ndi nyemba za ku Angonia timadya ndife.

Wina anena kuti zimenezo ndi zakale. Koma taonani zimene zachitika m'zaka zapitazi. Mu 2022 dziko la Russia linathira nkhondo dziko la Ukraine. Ambiri a ife sitidziwa ndi kumene maikowo ali, koma mtengo wa feteleza, wa ufa wa tirigu ndi wa mafuta ophikira unakwera kufikira pa msika wathu. Chaka chomwecho, mu Meyi, ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 pa 100. Kunena kwake, chilichonse chogula kunja chinadula kwabasi, pamene thumba la kachewere limene tinalima ndi thukuta silinathe kugulanso thumba la feteleza. Kenaka mu Okotobala 2024 ku Mozambique kunali chisankho, ndipo anthu sanagwirizane pa zotsatira zake. Kunabuka zipolowe, anthu anafa, misewu inatsekedwa, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anthu zikwizikwi anathawira ku Nsanje. Ife amene tinaona za 1986 mitima inatigunda, pozindikira kuti phulusa likhoza kuoneka lozizira pamene pansi pake pali moto.

Nanga kwathu kuno? Mulungu watichitira chifundo. Mu 1993 tinavota pa riferendamu, mu 1994 tinasankha boma la zipani zambiri, ndipo dziko silinagwe m'nkhondo. Mu 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, anthu navotanso. Mu 2025 boma linasinthanso ndi voti. Koma tisadzinyenge kuti ife ndife a magazi ena. Pa 20 Julayi 2011 anthu anafa m'misewu ya m'mizinda yathu pa zionetsero, ndipo mu 2019 tinaona masitolo akuthyoledwa ndi nyumba zikutenthedwa.

Apa ndipo pali nkhawa yathu, ndipo tiinena poyera chifukwa tili pakati pa abale. Nthawi ya kampeni, m'Chigwirizano mwathu momwe muno munalowa mphepo. Amayi amene Lachinayi amavala yunifolomu imodzi, Loweruka ankadutsana pa njira osapatsana moni, chifukwa wina wavala nsalu ya chipani ichi, wina ya chipani icho. Wina anadwala, ndipo anzake anazengereza kukamuona. Anyamata athu ankatengedwa pa malole, kupatsidwa kachasu ndi ndalama zochepa kuti akagende anzawo miyala. Amene anawatumawo anakagona m'nyumba zawo za mipanda, koma wokagoneka mwana kuchipatala ndi kukapepesa kupolisi anali mayi wake. Amayi, nkhondo siyamba ndi mfuti. Imayamba pamene mnansi waleka kupala moto kwa mnansi mnzake.

Chifukwa chake tikupempha zinthu izi. Choyamba, aliyense akavote monga mtima wake ufunira, pakuti ndi ufulu wake, koma nsalu ya chipani izitsala kunyumba pamene tikubwera ku Chigwirizano, ku maliro ndi kwa odwala. Chachiwiri, tiyankhule ndi ana athu aamuna madzulo pa nsima, tiwauze zimene tinaona ndi maso, pakuti obadwa 1994 itadutsa sadziwa kulira kwa mfuti usiku. Chachitatu, wofuna voti yathu akabwera, tisangovina ndi kulandira mchere. Timufunse za feteleza, za mankhwala m'chipatala, za mtengo wa mbewu zathu ndi za msewu wotulutsira kachewere, ndipo akalonjeza tizikumbukira. Chachinayi, thumba lathu la chifundo lisaume, ndipo pokolola tisagulitse chimanga chonse kwa mavenda, pakuti mlendo safika ndi kalata. Chachisanu, m'mapemphero athu a Lachinayi tizitchula Mozambique, Congo, Sudan ndi maiko ena kumene amayi anzathu athawitsidwa m'nyumba zawo, ndiponso atsogoleri athu, angakhale amene sitinawavotere.

Amayi amene anatitsogolera analibe chuma, koma anatsegula makomo awo kwa anthu othawa nkhondo. Pa tsiku lino la chikondwerero tiwakumbukira, ndipo tipempha Mulungu kuti ana athu asadzayende usiku ndi mphika pamutu kufunafuna pothawira. Ngati pali amayi amene anasiyana mawu chifukwa cha chipani, asatuluke pa bwalo lino asanagwirane chanza.

Ambuye adalitse Chigwirizano chathu, adalitse Malawi ndi anansi ake onse.