Dzina la "Bantu": Mawu Otsegulira Msonkhano wa Akatswiri a Zilankhulo



Pandandanda wa zokambirana zanu pali funso limene landigoneka mochedwa sabata ino: kodi tizinenabe kuti timaphunzira zilankhulo za Chibantu, kapena dzinali lichoke? Ndiloleni ndiikepo mlomo.

Amene akufuna kuti lichoke ali ndi chifukwa chomveka. Zaka zapitazo ndili ku Johannesburg, ndinatchula mawuwa pocheza ndi mayi ena achikulire, mphunzitsi wopuma pantchito. Anaika kapu ya tiyi pansi, n'kundiyang'ana kwa kanthawi osayankhula. Kwa iwo "Bantu" linali dzina la lamulo la 1953, Bantu Education Act, limene Hendrik Verwoerd anakonza kuti mwana wakuda aphunzire zongomuyenereza kukagwira ntchito kwa mzungu. Linalinso dzina la ma Bantustan, madera ouma kumene boma latsankho linkathamangitsira anthu. Ana a ku Soweto amene anawomberedwa mu 1976 ankakana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans pansi pa maphunziro omwewo.

Kusintha dzina si chachilendonso pantchito yathu. Kale zilankhulo zina ankazitcha za "Hamitic", potengera Hamu mwana wa Nowa, ndipo m'dzinalo munabisala bodza lakuti chilichonse chanzeru mu Africa chinabwera ndi anthu oyererako khungu. Joseph Greenberg anasonyeza kuti gulu lotero kulibe, ndipo lero zambiri mwa zilankhulozo timaziika m'banja lotchedwa Afroasiatic. Dzina limenelo linayeneradi kukwiriridwa.

Koma la "Bantu" ndimalionera kwina. Wilhelm Bleek, amene analifalitsa m'buku lake la 1862, analitola pakamwa pa eni ake. Mzulu amati abantu, Mtumbuka ŵanthu, Myao ŵandu, Mswahili watu, ife timati anthu. Mwaimva nokha mizu ikulumikizana pansi pa nthaka. Ngakhale Steve Biko, amene anafera m'manja mwa apolisi a boma latsankho lija mu 1977, makolo ake anamutcha Bantu. Wakuba akavala malaya ako n'kuwadetsa, umawalanda n'kukawachapa, chifukwa ndi ako.

Ndiye ine ndikuti dzinali tilisunge ponena za zilankhulo, koma tisalozere nalo munthu. Ndipo inu aphunzitsi, tsiku limene mukuphunzitsa ana a chaka choyamba za "mu-" ndi "a-" wa munthu ndi anthu, muwauzenso za Verwoerd, osasiya n'kamodzi komwe. Alendo athu ochokera ku South Africa akaimirira kunena kuti kwawo chilondachi sichinapole, tiwamvetsere mpaka amalize, mwina atiuza zimene zingasinthe maganizo angawa.

Wapampando, ndi mawu amenewa ndatsegulira msonkhano uno.