Mphunzitsi wa ku Leipzig

Pa tsiku lino la Jubili, pamene tirikukumbukira anchito akale a pa Mishoni pano, tifuna kukusimbirani za mphunzitsi wina wa ku Jeremani, dzina lace Johann Sebastian Bach.

Munthuyo anabadwa ku Eisenach m'caka ca 1685. Asanafike zaka 10, amace ndi atate wace anamwalira. Ndipo mkuru wace anamlera ku Ohrdruf, namphunzitsa kuyimba limba. M'caka ca 1703 anamuika akhale woyimba limba m'nyumba ya Mulungu ku Arnstadt. Koma sanadziyesa wodziwa zonse ai. Pakuti mu 1705 anayenda pansi ulendo wa mailosi ngati 250 kunka ku Lübeck, kuti akamve mayimbidwe a nkhalamba Buxtehude. Anapempha masabata 4, nakhalako pafupifupi miyezi 4, ndipo pobwera akuru a mpingo anamdzudzula.

Atatumikira ku Mühlhausen, ku Weimar ndi ku Köthen, anafika ku Leipzig mu 1723, naphunzitsa anyamata pa sukulu ya St Thomas zaka 27. Nchito yace inali yolemetsa ndithu: kuphunzitsa ana, kuyang'anira nyimbo za m'nyumba za Mulungu 4, ndi kupeka nyimbo zatsopano za pa Sabata. Akuru a mudziwo anatsutsana naye kawiri kawiri. Maliro sanacoka pakhomo pace, pakuti mwa ana ace 20, 10 anamwalira akali ang'ono. Koma potsiriza nyimbo zace zambiri analemba zilembo S.D.G., ndiko kunena kuti ulemerero ukhale kwa Mulungu yekha.

Anamwalira wakhungu mu 1750, ndipo pamanda pace sanaikapo mwala. Nyimbo yace yaikuru ya zowawa za Ambuye, monga anazilemba Mateyu, anthu ambiri anaiiwala kufikira 1829, pamene Felix Mendelssohn anaiyimbitsa ku Berlin.

Tsono abale, aphunzitsi a m'midzi amene anatsegula sukulu zathu pansi pa mitengo, ambiri a iwo manda ao alibenso mwala. Koma nyimbo zimene anaphunzitsa makolo athu taziyimba ife m'mawa muno. Cifukwa cace tisaleme nayo nchito yosaoneka, ndipo tisaiwale iwo amene anaigwira tisanabadwe.