Kuyesa Phewa la Mwana Wocita Masewero

Mau okambidwa kwa aphunzitsi a masewero ku Lilayi

Aphunzitsi ambiri a m'Kabwata ndi m'Chelstone amayesa mkono wa mwana pa kulemera kwa nkhonya yace, kapena pa kutalika kumene aponya mpira. Muyeso umenewo uli woperewera. Keith Mwila anatengera Zambia mendulo yoyamba ya Olympics ndi nkhonya ku Los Angeles m'caka ca 1984; komatu nkhonya imabadwira pa phewa, ndipo m'thupi lonse palibe mfundo yaikulu yoguluka kawiri-kawiri monga phewa.

Fupa la nchafu limalowa m'ciuno monga munsi mu mtondo. Fupa la mkono limangotsamira pa kambale kosazama, monga munsi woimikidwa pa mphero, ndipo zoligwira ndizo mitsempha ndi minofu inai yozinga mfundoyo. Minofuyo ikatopa, kapena ikacedwa kugwira, phewa lili pangozi.

M'caka ca 2012 Gorman ndi anzace ku America anaonetsa kuti muyeso wochedwa Upper Quarter Y Balance Test ndi wokhulupirika. Mphunzitsi wosowa cipangizo cace angathe kuutsanza ndi coko, tepi ndi kathabwa. Alembe pansi mizere itatu yokomana monga cilembo ca Y. Mwana atsamire pa manja ndi pa zala za mapazi, msana uli woongoka, monga amacitira apolisi pophunzira nchito kuno ku Lilayi. Dzanja limodzi likhale pa mphambano ya mizereyo. Linzace likankhe kathabwa, poyamba cammbali, kenaka kutsogolo mopingasa, potsiriza kunsi kwa mimba. Woyesedwa ndiwo mkono wotsala pansi, umene usenza thupi pamene munthu apendekeka; ambiri amasokoneza pamenepa, nayang'ana dzanja loyenda.

Mikono ya ana siilingana, cotero mtunda umene kathabwa kafika ugawidwe ndi utali wa mkono, kuyambira pa fupa lotumphuka kumbuyo kwa khosi kufikira nsonga ya cala capakati, ndi kucurukitsa ndi 100.

Muyesowu sulosera tsiku la ngozi iai. Koma mwa munthu walunga mbali ziwirizo sizisiyana kwambiri, ngakhale akhale woponya ndi dzanja limodzi. Tsono mwana amene mbali imodzi itsalira kutali, kapena amva kupweteka poyesedwa, apumitsidwe ndi kutumizidwa kucipatala, ngakhale sukulu ikhale ikumdalira pa cikho ca Loweruka. Manambala ace alembedwe m'buku, kuti pobwerera ayesedwenso pa mizere yomweyo.